Paipi ya 300 si kalavati, abale anga

Mvula ya chaka chino yangoyamba kumene, koma ndaona kale zipata zinayi zomwe msewu wake wadukira pakati, cha ku Honeydew ndi ku Eikenhof kuno ku Joni. Ponsepo cholakwa ndi chimodzi: pansi pa msewu wolowera ku puloti anakwirirapo paipi ya mamilimita 300. Pena ndinapeza kapaipi kapulasitiki ka 110, kaja ka kuchimbudzi. Zimandiwawa chifukwa ambiri ogwira maganyu amenewa ndife Amalawi, ndipo msewu ukakokoloka mwini puloti savomera kuti ndiye anakana kugula paipi yaikulu. Amati mnyamata wa ku Malawi uja sadziwa ntchito.

Timayeza kalavati ndi maso mu July, ngalande ili gwa, n'kunena kuti apa sipadutsa madzi ambiri. Chizolowezi chimenechi chandikwana. Madzi odzadutsa pamenepo amachokera kumtunda konse kumene kumatsetserekera pachipatacho: madenga a malata, mabwalo owaka, msewu wa tala. Kuno ku Joni nthaka yambiri yaphimbidwa, madzi alibe polowera. Komanso mvula ya ku Johannesburg si mvumbi woti uzinyowetsa nthaka pang'onopang'ono tsiku lonse. Imabwera masana ndi mabingu, nthawi zina ndi matalala, n'kukhuthula zonse m'mphindi 30. Amene analipo mu November 2016 akukumbukira magalimoto akutengedwa ndi madzi pa msewu waukulu wa N3 cha ku Linksfield, ndipo a ku Alexandra amaudziwa bwino mtsinje wa Jukskei ukakwiya.

Tiyerekeze hekitala imodzi ya madenga ndi malo owaka, mvula n'kugwa pa mlingo wa mamilimita 100 pa ola. Pa madontho 10 aliwonse, 8 amathamanga pamwamba. Ndiye kuti pachipata panu pakufika malita pafupifupi 220 pa sekondi iliyonse, dramu lathunthu inu mukangophethira. Paipi ya konkire ya 300, itayikidwa bwino ndi kutsetsereka kwa 1 pa 100, siyingameze ngakhale theka la madzi amenewa. Otsalawo apita kuti? Amaunjikana kukamwa kwa paipi, amakwera pamsewu, n'kuyamba kudya dothi kutsidya lakumunsi.

Ndiye pali aja amati tiyike ziwiri za 300, zikwana 600. Ayi ndithu. Kamwa la paipi ya 600 ndi lalikulu kanayi kuposa la 300, ndipo madzi amene imanyamula ndi ochuluka kasanu kapena kuposerapo. Ziwiri zing'onozing'onozo zimangoonjezera pokodwa majumbo, mabotolo ndi matewera.

Pali bambo wina wa ku Mangochi amene amalima repu ndi mpiru padimba lobwereka kumwera kwa mzindawu. Chaka chatha ndinawauza kuti paipi yomwe ili pachipata pawo ndi yaing'ono. Anati, "Achimwene, yatha zaka zitatu iyi, madzi akudutsa bwinobwino." Zinali zoona, koma pa zaka zitatuzo kumtunda kwawo kunali udzu wokhawokha. Tsopano kwamangidwa zipinda za lendi mzere wonse, malata mbee. Mvula ya sabata yatha inatseka paipiyo ndi mchenga, madzi anakhotera m'dimba, mabedi asanu a repu wokolola anakwiririka ndi matope. Nditafika ndinawapeza atapinda thalauza, akuzula masamba amodziamodzi n'kumawatsuka m'chidebe kuti mwina agulitseko. Bakkie, galimoto ya pikapu yotenga ndiwo, inalephera kulowa masiku atatu, ndipo amayi amene amawoda kwa iwo anapita kwina. Ndalama yomwe anapulumutsa pogula paipi yaing'ono yapita kangapo.

Kumwerako kuli vuto lina. Madera ena, monga cha ku Lenasia, pansi pali mwala wa dolomite, ndipo madzi akamaima kapena kudontha pamalo amodzi nthaka imatha kutitimira n'kusiya chidzenje. Kalavati yosunga dziwe kumeneko ndi yoopsa kwa nyumba zoyandikana nayo.

Zoti muchite n'zodziwika, sindichedwapo. Musanagule paipi yendani kumtunda mpaka pomwe madzi amagawikira, muwerenge madenga, ndipo mufunse oyandikana nawo pomwe madzi anafika mvula yaikulu yomaliza. Pachipata wamba musatsike pansi pa 450, ndipo ngati kumtunda kuli nyumba zambiri yambirani pa 600. Itsetsereke mokwanira kuti izidzitsuka yokha mchenga. Kukamwa mangani kakhoma ka mapiko awiri kuti madzi asalambalale, potulukira yalani miyala ikuluikulu kapena yomangidwa m'waya. Pamwamba pakhale dothi lotsendera bwino, apo ayi lole yoyamba idzaiphwanya. Ngati ngalandeyo ili m'mbali mwa msewu wa khonsolo, ndi ya Johannesburg Roads Agency, bungwe loyang'anira misewu ya mzindawu, musakumbe popanda chilolezo chawo. Mwini puloti akaumirira ya 300, alembe yekha pa WhatsApp kuti ndi iye wasankha, uthengawo muusunge.