Momwe mungaphikire ndi kugulitsa ma crêpe kwa alendo a ku Cape Maclear

Ambiri akamva za zakudya zotsekemera za ku France amathamangira croissant, kabuledi ka batala kopindika ngati mwezi. Kuno ku Mangochi musayambire pamenepo. Croissant imafuna uvuni ndi batala wozizira, ndipo dzuwa la Okutobala lingasungunule batalayo musanamalize n'kukanda komwe. Yambani ndi crêpe, kachitumbuwa kopyapyala ngati pepala kochokera m'dera la Brittany, kamene ku Paris amakagulitsa m'mbali mwa misewu. Mbaula ndi chiwaya chosalala basi.

Choyamba konzani phala lake. Sefani ufa wa tirigu magalamu 250, thiranimo kamchere ndi shuga supuni imodzi. Pakati pa ufawo swerani mazira atatu, kenako muzithira mkaka wokwana theka la lita pang'onopang'ono uku mukutakasa. Mukathira wonse kamodzi, phala lichita mibulu. Malizani ndi batala wosungunula magalamu 50. Majarini amathekanso, ngakhale fungo lake silifika. Phalali likhale lamadzimadzi kuposa la mwana, ndipo litulutsa ma crêpe pafupifupi 15.

Livundikireni lipume kwa ola limodzi pamalo ozizira. Apa m'pamene ndimaumirira kwambiri, chifukwa phala losapuma limatulutsa crêpe yolimba ngati chikopa. M'phalali muli mazira ndi mkaka, choncho popita nalo kugombe liikeni m'bokosi la ayisi. Lotsala madzulo musaligulitse mawa.

Pophika, makala akhale atayaka bwino, opanda utsi. Pakani timafuta pachiwaya ndi kansalu koyera, thirani chipande chimodzi, n'kupendeketsa chiwayacho msangamsanga kuti phala lifalikire ponse. Pakatha mphindi imodzi m'mphepete muyamba kufiira ndi kunyamuka. Tembenuzani, mudikire pang'ono, yapsa. Yoyamba kawirikawiri imang'ambika, musataye mtima.

Zoika mkati siziyenera kuchokera kutali. Nthochi ndi chiponde, uchi, mandimu ndi shuga, kapena mango nyengo yake ikafika mu Novembala. Ine ndimakonda ufa wa malambe wosakaniza ndi uchi: kuwawasa kwake kumagwirizana ndi batala, ndipo mlendo sakaupeza kwawo mosavuta. Ku France ena amathiramo mowa, koma inu usiyeni, poti kuno ku Mangochi kuli Asilamu ambiri. Pindani kawiri ikhale ya makona atatu, muikulunge m'pepala loyera, osati nyuzipepala.

Musanaike benchi, kaonaneni ndi amfumu a m'mudzi wa Chembe ku Cape Maclear komweko komanso khonsolo za chilolezo. Sankhani malo amthunzi pomwe alendo amatsikira maboti akamachokera ku chilumba cha Thumbi, chifukwa munthu wochokera kosambira amakhala ndi njala. Ikani chidebe cha madzi ndi sopo poonekera, mitengo muilembe pabolodi, ndipo crêpe iliyonse muziiphika wogulayo ataima pomwepo akuona.