Mwana wa ku Joni muziyankhula naye Chichewa

Makolo anzanga a ku Yeoville, Rosettenville, Diepsloot ndi kwina konse kuno ku Joni, funso lomwe ndimalimva kawirikawiri ndi lakuti: "Kunyumba tikamamuyankhula Chichewa, kukireshi akumva Chizulu ndi Chingerezi, mwanayu sasokonezeka?" Ayi, sasokonezeka, ndipo ziyankhulo ziwiri kapena zitatu sizichedwetsa mwana kuyankhula. Akanena kuti "ndikufuna amanzi", wangotola liwu la Chizulu lotanthauza madzi lomwe linali pafupi, monga timachitira akuluakulufe tikakwera taxi pa siteji ya Bree m'tauni.

Chomwe chimandidetsa nkhawa ndi makolo amene asiya Chichewa n'kumakakamira Chingerezi chomwe iwo eni amachita kuchifunafuna. Zikatero mawu amachepa pakhomo, kumangotsala "come", "sit", "no". Chingerezi akachipeza kusukulu. Kwa inu akufunika chiyankhulo chomwe mumasekera, kukalipira ndi kusimbira nthano mosadodoma.

Khanda limayamba kumva mawu a mayi lidakali m'mimba. Pa miyezi 6 limayamba "bababa", "mamama". Likamakwanitsa chaka limatulutsa liwu loyamba, ndipo pofika zaka 2 ana ambiri amalumikiza mawu awiri, monga "amama bwera". Powerenga mawu amene mwana akudziwa, muziphatikiza a ziyankhulo zonse.

Nchito yake ndi yosafuna ndalama. Pomusambitsa tchulani zomwe mukuchita: "Tisambe mwendo. Uwu mwendo, ili dzanja." Kenako khalani kaye chete, mumuyang'ane kumaso, ayankhe ngakhale ndi kaphokoso chabe. Apa m'pamene ambiri timalakwitsa, timayankhula tokha osamupatsa mpata. Akaloza pawindo n'kunena kuti "moto", musamuseke kapena kumuuza kuti walakwa. Nenani kuti, "Eya, galimoto! Galimoto yofiira yadutsa." Mwamukonzera liwu, mwamuonjezeranso ena awiri. Pophika nsima, pochapa, pomubereka kupita ku shopu, ndi chimodzimodzi.

Za foni ndinene mosabisa. Ndikudziwa kuti munthu ukaweruka utatopa, m'chipinda chimodzi cha lendi, katuni amathandiza kuti upumeko. Koma foni siyankha mwana. Malangizo a mu 2019 a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amati mwana wosakwana zaka 2 asamaonere, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku. Kuyimbira agogo kumudzi pa vidiyo ya WhatsApp n'kosiyana, chifukwa agogowo amamufunsa, iye n'kuyankha.

Ngati khanda silidzidzimuka chitseko chikamenyeka, khutu likutuluka mafinya, kapena mwana wafika miyezi 18 opanda liwu ndi limodzi lomwe, musadikire poti "bambo ake nawonso anachedwa". Tengani kabuku ka mwana ka kusikelo, ka Road to Health, mupite kukiliniki, mukapemphe kuti amuyeze makutu. Zipatala zikuluzikulu monga Charlotte Maxeke ndi Chris Hani Baragwanath zili ndi akatswiri a kumva ndi kuyankhula, ndipo kalata yopitira kumeneko imachokera kukiliniki komweko.