Burnout 3: momwe mungagwetsere anzanu inu osachita ngozi

Burnout 3: Takedown inatuluka mu 2004 pa PlayStation 2 (PS2) ndi Xbox, yopangidwa ndi a Criterion Games a ku England, koma mpaka lero ikatsegulidwa m'kashopu ka magemu kuno ku Dedza anthu amaunjikana kumbuyo kwa amene wagwira padi. Wongoyamba kumene amaiona ngati gemu yongowombana, ndiye amakanikiza boost (yowonjezera liwiro la galimoto) osasiya n'kumagunda chilichonse chimene chili kutsogolo. Wotero amamaliza wa nambala 6 pa galimoto 6. Gemuyi imalipira amene wayandikira ngozi koma osaichita, ndipo imalipira koposa amene wachititsa mnzake ngozi iye n'kudutsa bwinobwino.

Mabatani pa padi ya PS2, ngati palibe amene wawasintha, ali chonchi: X ndi moto, Square ndi buleki, R1 ndi boost, L1 ndi yoyang'anira kumbuyo, Triangle imasintha kamera. Chala chachikulu chigoneke mopingasa kuti chikanikize X koma nsonga yake izifika pa Square. Mudzafunika kugunda buleki musanachotse moto, ndipo amene amanyamula chala kuchoka pa batani lina kupita pa lina amachedwa pa kona iliyonse.

Boost imachokera kuti

Mzere wa boost uli m'munsi mwa sikirini. Umadzaza mukamayenda mbali ya galimoto zobwera, mukaphonyana ndi galimoto pang'onong'ono osaikhudza, mukasereretsa galimoto pa kona, mukauluka pa chitunda, komanso mukamakhulana ndi opikisana nawo. Simukuyenera kudikira kuti udzaze. Boost ili yonse imene ilipo mutha kuigwiritsa ntchito. Koma chimene chimasintha mpikisano ndi Takedown, kutanthauza kuchititsa mnzanu ngozi. Mukagwetsa mnzanu mzerewo umadzaza pompo ndipo umatalika, mpaka kufika kanayi kutalika kwake koyamba. Inuyo mukachita ngozi, chidutswa chimodzi chimadukapo. Choncho ngozi imakudyerani kawiri: masekondi amene mwataya, ndi boost imene mukanathamangitsira anzanuwo.

Apa pali chinthu chimene chimatisokoneza ife ozolowera misewu ya kuno. Pa M1 timayenda kumanzere. M'mipikisano ya ku USA ndi ku Europe ya mu gemuyi galimoto zimayenda kumanja, kutanthauza kuti mbali imene dzanja lanu limathamangirako mwachizolowezi ndiyo ya galimoto zobwera. Si zoipa ayi, poti boost ili komweko, bola muzidziwa kuti muli kumeneko mwadala. Mukafika ku mipikisano ya ku Far East (ku Asia) zimatembenuka, amayenda kumanzere ngati ife, ndipo munthu amene wazolowera misewu ya ku USA amawombanso pa kona yoyamba. Musadalire kukumbukira, dalirani nyali: zoyera zikubwera kwa inu, zofiira mukupita nazo kumodzi.

Maso asakhale pa galimoto yanu. Yang'anani kumene msewu ukuthera, pamwamba pang'ono pa pakati pa sikirini, pomwe nyali zimayamba kuoneka ngati timadontho. Boost ikayaka, m'mbali mwa sikirini mumachita chimbuuzi ndipo galimoto imene mwaiona itakula kale simungaizembe. Anthu ena amakonda kamera ya pa bampala chifukwa galimoto yawo siitchinga msewu. Ndi yabwino pothamanga nokha, koma pomenyana ndi anzanu kamera ya kumbuyo ndiyo imakuonetsani amene wakufikani m'nthiti.

Kagwetsedwe ka mnzanu

Kumenya kulipo kuwiri. Shunt ndi kumuwomba kumbuyo, slam ndi kumuwomba m'mbali. Onse awiri paokha sagwetsa munthu. Chimene chimamugwetsa ndi chinthu chimene mwamuponyerako. Choncho musanamenye dzifunseni kuti akathera pati. Khoma, chipilala cha mlatho, basi, lole kapena galimoto yobwera, zonsezi zimagwira ntchito. Pa msewu wotakasuka wopanda kanthu mukangomumenya amagwedezeka n'kubwerera, nthawi zina n'kukubwezerani.

Njira imene siikonda kulephera ndi iyi. Mutsatireni mnzanuyo popanda boost mpaka patsale mpata wa galimoto imodzi kapena ziwiri. Khalani chammbali pang'ono, osati kumbuyo kwake ndendende. Ndiye yatsani boost n'kumuwomba pa ngodya ya kumbuyo, pamene pali nyali. Kumbuyo kwa galimoto yake kumatayika, mphuno n'kuloza kukhoma. Mukamuwomba pakati penipeni kawirikawiri mumangomukankhira kutsogolo, mwamupatsa liwiro laulere. Boost iyake musanagundane, osati mutagundana kale, chifukwa mphamvu ya kumenya imachokera pa kusiyana kwa liwiro lanu ndi lake.

Pa kona, khalani mkati iye akhale kunja. Pamene akukhota, galimoto yake imakhala ikukokeredwa kale kukhoma la kunja, inu mumangomuwonjezera pang'ono. Mukalola kuti iye atenge mkati, zomwezo zikuchitikirani inu. Pa msewu wowongoka, yenderani naye limodzi, patukani pang'ono kuti mupeze mpata, kenako bwererani mwamphamvu. Kungomutsamira popanda mpata umenewu kumangotulutsa moto wa zitsulo, ndipo nonse mumakhala mukuchedwa pamene ena akudutsa.

Pali Takedown ina yosagunda n'komwe, imene gemu imaitcha Psyche Out. Mukamukakamira kumbuyo mnzanu pa malo a galimoto zambiri, iye amasokonezeka n'kudziwombetsa yekha, mapointi n'kukhala anu. Ndi yothandiza pamene galimoto yanu ili yopepuka kuposa yake.

Chimene chimapha ambiri chimabwera Takedown itatheka kale. Kamera imachoka pa inu kukaonetsa mnzanu akugubuduzika, gemu n'kumakuyendetserani galimoto kwa kanthawi. Ikabwerera mumapezeka muli pa liwiro, mwina mbali ya galimoto zobwera, maso akadali pa ngozi ija. Pa nthawi imeneyi musachotse chala pa X, koma R1 musiyeni kaye mpaka mutaona msewu. Chinanso, musathamangire kudutsa pamene mnzanu wagwera: mabwinja a galimoto yake akhoza kukugwetsani inunso.

Opikisana nawo amasunga mangawa. Kachizindikiro ka pamwamba pa galimoto kakafiira, ameneyo akufuna inuyo, ndipo amabwera kumbuyo mwadzidzidzi. Gundani L1 mwachidule pa msewu wowongoka kuti mudziwe mbali imene akubwerera, koma osayang'ana kumbuyo muli pakati pa galimoto zobwera. Dziwaninso kuti gemu siilola kuti muwasiye kutali. Ngakhale muyendetse bwino chotani amakhala ali pafupi. N'chifukwa chake kuwotcha boost yonse pa raundi yoyamba n'kutaya. Sungani yokwanira ya chigawo chomaliza, chifukwa ngozi imodzi pafupi ndi mzere womalizira imakuchotsani pa nambala 1 kukuikani pa 4 kapena 5 popanda nthawi yobwezera.

Mukachita ngozi musaponye padi pansi

Galimoto yanu ikangowomba, gwirani R1 osasiya. Nthawi imayenda pang'onopang'ono, imene amaitcha Impact Time, ndipo ndi kandodo ka kumanzere mutha kukankha bwinja la galimoto yanu kupita kumene mukufuna. Lilowetseni pakati pa msewu pamene anzanu akubwera. Wina akaliwomba, imeneyo ndi Aftertouch Takedown, imawerengedwa ngati Takedown ina iliyonse ndipo boost imabwerera. Zimatheka bwino mukagwa muli patsogolo gulu lili pafupi kumbuyo. Ngati muli womaliza palibe wogwira, siyani R1 kuti mubwerere mumsewu msanga.

Za makona sizifuna mawu ambiri. Yambani kukhota, gundani Square kamodzi X ali chikanikizire, kumbuyo kwa galimoto kutayike, ndiye muziwongola pang'onopang'ono. Kukanikiza buleki nthawi yaitali kumapha liwiro, ndipo kuchedwa kuyamba kumakufikitsani kukhoma. Makona ena a ku Europe amapindika motsatizana ngati a ku Khwekhwerere potsikira ku Golomoti, moti mukatuluka molakwika pa yoyamba, yachiwiri yakuphonyani kale. Pamenepo siyani boost musanalowe, muiyatsenso mphuno ikaloza kotulukira.

Mipikisano imasiyana

World Tour, gawo lalikulu losewera nokha, ili ndi mipikisano 173, ndipo siifuna kayendetsedwe kamodzi. Mu Road Rage malo alibe ntchito, chofunika ndi chiwerengero cha amene mwawagwetsa nthawi isanathe. Musathamange kuwasiya; khalani pakati pawo. Galimoto yanu imawonongeka ndi ngozi iliyonse, ndipo ikatheratu mpikisano watha ngakhale nthawi ikadalipo. Pano pewani mbali ya galimoto zobwera, boost mudzaipeza kwa amene mukuwagwetsa. Mu Eliminator womaliza pa raundi iliyonse amachotsedwa, ndiye maraundi oyamba ingopewani kukhala kumbuyo, mphamvu muzisungire awiri omaliza. Burning Lap ndi inu nokha ndi wotchi. Mendulo yagolide imafuna boost pafupifupi njira yonse, zomwe zikutanthauza kukhala mbali ya galimoto zobwera nthawi yaitali, ndipo ngozi imodzi yokha nthawi zambiri imakwana kuti golide apite. Yendani kawiri kapena katatu mongophunzira msewu musanayambe kulimbana ndi wotchi.

Crash: pano ngozi ndiyo ntchito

Mphambano za Crash zilipo 100. Cholinga n'kuwononga katundu wa ndalama zambiri. Musanayambe, kamera imauluka kuonetsa msewu wonse, musaidumphe. Onani pamene pali x4, pamene pali x2, pamene pali mtima wosweka wa Heartbreaker, ndi kumene mabasi, malole ndi matanka akuchokera. x4 imachulukitsa ndalama zonse kanayi, moti kawirikawiri ngozi yaing'ono yokhala ndi x4 imaposa ngozi yaikulu yopanda. Heartbreaker imadula ndalama zanu pakati, ndipo imakonda kuikidwa pomwe bwinja lanu lingagubuduzikire lokha.

Tolani boost ya panjira, kenako wombani galimoto yaikulu m'mbali kuti ipingase. Basi yopingasa imatseka misewu iwiri nthawi imodzi, ndipo zobwera kumbuyo zimadziunjika zokha. Mukawomba kagalimoto kakang'ono kumapeto kwa mzere, zinazo zimangodutsa. Mukangogunda gwirani R1 n'kukankhira bwinja lanu ku mbali ina ya msewu imene sinatsekeke. Galimoto zowonongeka zikakwana nambala imene yaikidwa, Crashbreaker imatseguka, ndipo R2 imaphulitsa galimoto yanu. Musaphulitse pompo ngati pali basi kapena tanka imene yatsala pang'ono kufika, koma musachedwenso mpaka mwayi utadutsa. Kuphulikako kumakuponyaninso m'mwamba, ndipo umenewu ndi mwayi wachiwiri wowongolera bwinja ku x4 ngati munaiphonya. Galimoto zimayamba mofanana nthawi iliyonse mukabwereza, choncho sinthani chinthu chimodzi chokha pa ulendo uliwonse, kaya ngodya yolowera kaya galimoto yoyamba kuiwomba, kuti mudziwe chimene chathandiza.

Amene mwazolowera Burnout Revenge ya 2005 samalani. M'menemo galimoto zing'onozing'ono zopita mbali imodzi ndi inu mutha kuziwomba kumbuyo n'kupitirira. Mu Burnout 3 zimenezo kulibe, kuwomba galimoto ya mumsewu pa liwiro ndi ngozi basi. Pa foni, ambiri amasewera Burnout Legends ya PSP (PlayStation ya m'manja) kudzera pa PPSSPP, pulogalamu yoseweretsa magemu a PSP, ndipo kaseweredwe kake n'kofanana kwambiri ndi ka Burnout 3. Ikamadukiza, tsitsani rendering resolution (kuoneka bwino kwa chithunzi) m'masetingi a PPSSPP ifike pa 1x kapena 2x, ndipo ngati n'kotheka lumikizani padi, chifukwa mabatani a pa galasi sakulolani kugwira moto, buleki ndi boost nthawi imodzi bwinobwino.

Makina ndi padi

Nthawi zina vuto si inu. Pa TV zamakono zopyapyala, chithunzi cha PS2 chodzera pa chingwe chachikasu chimatha kuchedwa pang'ono, ndipo mu gemu ya liwiro lotere kuchedwa kumeneko ndi ngozi. Fufuzani Game Mode m'masetingi a TV n'kuiyatsa. TV zakale za chimsana zilibe vuto limeneli. Gemuyi imawerenga disiki ngakhale mpikisano uli mkati, choncho disiki yokalika imachititsa kuti iime kapena nyimbo zidukeduke. Ipukuteni ndi kansalu kofewa kuchokera pakati kupita kunja, osati mozungulira. Fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala limatseka timabowo ta mpweya, makina n'kumatentha. Aikeni pamwamba, osati pansi pa simenti, ndipo muziwafunditsa akazimitsidwa. Memory card ya 8MB musaizule gemu ikamasunga, ndipo magetsi akazima zulani pulagi kukhoma kuti akabwera mwamphamvu asakapsereze adaputa.

M'mawa wa mu Juni ndi Julayi kuno zala zimauma ndi chisanu, ndipo Square amachedwa kugundidwa. Tenthetsani manja musanayambe Burning Lap. Padi ya m'shopu imadutsa m'manja ambiri, ndiye iyeseni musanalipire. Pa msewu wowongoka siyani kandodo ka kumanzere: galimoto ikamakokera mbali yokha, kandodoko katha, pemphani padi ina kapena yendetsani ndi mabatani a mivi. Yesaninso R1 poigwira kwa masekondi angapo. Ngati boost ikudukaduka chala chili pomwepo, labala ya mkati yatha, ndipo Impact Time izikuthawani pamene mukuwongolera bwinja.