Chigumu chili pamoto, buku lili pamiyendo

Miyezi ya Juni ndi Julayi ndikamazungulira ku Mkanda, Kapiri ndi Kamwendo m'boma la Mchinji ndimapeza mtedza uli mbwee pabwalo, nthochi zikupsera m'dengu. Komabe mwana akalira, mayi amamasula kansalu n'kumutuma ku okala kukagula tizakudya ta m'mapaketi. Mwa timeneti mumachuluka mchere, mafuta ndi utoto. Mwana amanyambita zala, pakapita kanthawi njala ija yabweranso. Makolo anzanga, chakudya chopatsa mwana pakati pa nsima ya masana ndi ya madzulo chili kale m'nyumba mwanu.

Tiyambe ndi chigumu cha nthochi. Tengani nthochi zinayi zakupsa kwambiri, zija zayamba kuda khungu, makapu awiri a mgaiwa, theka la kapu la nsinjiro, dzira limodzi, kamchere ndi soda wapansonga pa supuni yaing'ono. Shuga musathire wambiri, nthochi zatsekemera kale. Ufa woyera usiyeni, mgaiwa ndiwo uli ndi gaga wopatsa thanzi. Sakanizani ndi madzi kapena mkaka pang'ono mpaka zikhale ngati phala lolimba, thirani mumphika wopaka mafuta, vundikirani, makala ena pansi ena pamwamba pa chivundikiro.

Pa mtedza ndiimepo pang'ono. Sankhani musanasinje. Wofota, wosweka, wobooka ndi wachuku yense tayani, ndipo musapatse nkhuku. Chuku chimasiya poizoni wotchedwa aflatoxin amene amawononga chiwindi ndi kupinimbiritsa ana, ndipo kukazinga sikumuchotsa. Chizolowezi chogulitsa mtedza wabwino n'kusiyira ana zotsalira chimandiwawa kwambiri. Chinanso, mwana wosakwana zaka zisanu musamupatse mtedza wathunthu, angatsamwe nawo. Usinjeni kaye kapena mupange chiponde.

Mwanayo asakhale wongoonerera. Asambe m'manja ndi sopo, ndipo inu musambe naye, kenako mupatseni mbale aphwanye nthochi ndi foloko. Awerenge nthochizo: imodzi, ziwiri, zitatu. Mufunseni kuti dzira lachokera kuti. Adzadetsa malaya, inde, koma malaya amachapika. Kumoto kokha asayandikire.

Chigumu chimatenga mphindi 30 kapena kupitirirapo pang'ono kuti chipse. Nthawi imeneyi ndi ya buku. Yalani mphasa pamthunzi, mwana akhale pamiyendo panu kuti aziona tsamba limene mukuona inu. Musathamangire kumaliza nkhani. Lozani chithunzi mufunse kuti, "Kodi uyu ndani? Akupita kuti? Mbuzi imalira bwanji?" Mudikire ayankhe, ngakhale yankho likhale losokonekera. Kalulu mumuyankhulitse ndi mawu aang'ono, fisi ndi mawu aakulu. Akafuna buku lomwelo mawa ndi mkuja, musatope naye, mawu amakhazikika m'mutu mwa kubwereza. Ngakhale khanda la miyezi isanu ndi umodzi limamvetsera ndi kugwiragwira tsamba.

Ena amandiuza kuti, "Alangizi, ife sukulu sitinapite patali." Agogo, zithunzi sizifuna satifiketi. Tsegulani buku mukambe zimene mukuona monga mumakambira nthano, ana azivomera kuti tili tonse. Abambo nanunso, bawo ingadikire theka la ola.

Nanga mabuku muwapeza kuti? Mu 2016 boma lidayambitsa pulogalamu yolimbikitsa kuwerenga m'makalasi oyambirira a pulayimale, choncho ngati mkulu wake wa Sitandade 1 kapena 2 wabwera ndi buku la Chichewa, mng'ono wake aonereko. Funsaninso alezi a kusukulu ya mkombaphala. Zikavuta, dulani katoni, jambulani nkhuku, khasu ndi mphika, lembani dzina pansi pa chilichonse ndi zilembo zazikulu, sokani ndi ulusi. Buku lotere likang'ambika palibe amene amakalipa.

Maswiti a mtedza nawo ndi osavuta. Sungunulani theka la kapu la shuga pamoto wochepa mpaka afiire, thiranimo kapu ya mtedza wokazinga wosinja, yalani pambale yopaka mafuta, mudule asanaume. Ntchito iyi ndi ya akulu okha chifukwa shuga wosungunuka amawotcha kuposa madzi owira. Awa akhale a Lamlungu, a ana okulirapo, ndipo atsuke mano akadya. Masiku ena asinthireni futali wa mbatata yofiira mkati, ija ili ndi vitamini A.

Fungo likayamba kumveka, bayani chigumu pakati ndi mpeni. Ukatuluka wouma, chapsa. Phulani, chizizire kaye, ndipo buku liikeni patali musanayambe kugawa, poti zala zamafuta ndi pepala sizigwirizana.