Tcheni chodumpha pachitunda: mmene ndinachikonzera

Anzanga okonda njinga za m'mapiri, vuto linali ili: pamalo athyathyathya njinga imayenda bwinobwino, koma pokwera phiri la Zomba kulowera ku Chawe, ndikangoponda pedulo mwamphamvu tcheni chimadumpha mano. N'zoopsa zimenezi, makamaka ukamapalasa utaimirira, chifukwa phazi limatha kupulumuka.

Ndinayamba ndi zosavuta. Ndinatsuka tcheni ndi palafini, n'kuthira oilo, kenako ndinapotokola pang'onopang'ono kanati kokokera waya wa magiya mpaka derailleur (kachipangizo kosuntha tcheni kuchoka pa giya ina kupita pa ina) inalunjika bwino. Magiya anayamba kulowa msanga, koma kudumpha kuja kunalipobe.

Ndiye ndinatenga rula. Tcheni chikakhala chatsopano, mfundo 12 zathunthu (mfundo yathunthu ndi tizigawo tiwiri ta tcheni, kam'kati ndi kakunja) zimakwana mainchesi 12 ndendende, kuyeza kuchokera pakati pa pini kukafika pakati pa pini ina. Chikapitirira ndi 1/16 ya inchi, chisintheni. Changa chinali chitafika pa 1/8, ndipo pamenepo chimakhala chitadya kale mano a magiya akumbuyo. Nditawayang'anitsitsa, timagiya tating'ono timene ndimakonda kupalasira tinali titasongoka ndithu. Chimene chimadya zitsulo chonchi ndi fumbi la m'chilimwe likasakanikirana ndi oilo.

Ndinagula tcheni ndi magiya akumbuyo nthawi imodzi. Ndalama zimawawa, inde, koma musayese kugula tcheni chokha: chatsopano pamano akutha chimadumpha kuposa chakale. Kudumpha kunatheratu.

Masiku ano ndikathira oilo, kadontho pa pini iliyonse, ndimapukuta wotsalayo ndi kansalu kuti fumbi lisamatirire.