Wovulala akamalankhula sindiye kuti ali bwino ayi

Nyengo yokolola ino ngolo zatipwetekera anthu ambiri, za kabaza nazonso osanena, koma chikundiwawa ine ndi chimodzi. Munthu wapondedwa ndi ngolo, inu mwamukhazika pansi pa mtengo, mwamugulira kachasu ati alimbe mtima, kenako mukuti tiona mawa poti akulankhula bwinobwino. Mpaka liti zimenezi abale?

Munthu wamkulu ali ndi magazi pafupifupi malita 5 basi, ndipo fupa la ntchafu likathyoka lita yathunthu kapena kuposa imatha kutayikira mkati momwemo inu osaona ngakhale dontho panja. Apa thupi limatulutsa timapuloteni ting'onoting'ono m'magazi, madokotala amati ma peptide, pali vasopressin wochokera ku ubongo ndi angiotensin yemwe amayambitsidwa ndi impso, ntchito yawo kufinya mitsempha kuti BP isagwe komanso kusunga madzi asatuluke ngati mkodzo. Nchifukwa chake wovulalayo amacheza nanu ndithu, amangoti ndili ndi ludzu, koma mukhudzeni manja ali zii, thukuta lozizira, mtima ukuthamanga. Maola akamapita timapuloteni tija timachepa mphamvu, tina ngati bradykinin timamasula mitsempha nkuyichititsa kuwukha, BP imagwa kamodzinkamodzi, imeneyo ndiye shock, impso ndi ubongo zasowa magazi. Ndiye kachasu wanuyo dziwani kuti mowa umatsekereza vasopressin yemweyo amene akumusunga munthu wanu.

Mlimi wina wa fodya amandiuza mwezi wathawu, "Alangizi, mng'ono wanga anadya nsima ndithu, ife timati wangobinya." Kutada anayamba kubwebweta, ntchafu itatupa ngati mtondo, galimoto yahayala usiku pamtengo wowawa, kuchipatala anamuthira magazi nkugonekedwa masabata, fodya wake kuwonongekera m'chigafa wopanda womusamala. Anapulumuka koma ngongole ilipobe.

Zochita mukuzidziwa kale. Panikizani bala mwamphamvu ndi chitenje choyera osachotsachotsa kuti muone, dothi, ndowe kapena fodya pabala ayi. Agone pansi, mufunditseni bulangeti, mwendo wothyoka mangani ndi thabwa. Chakudya ndi chakumwa musampatse, mwina akufunika opaleshoni. Nyamukani nthawi yomweyo, mankhwala oletsa kutaya magazi a tranexamic acid amathandiza akaperekedwa pasanathe maola 3 chivulalireni.