Kukonzekera sikani ya chiberekero pamene magazi akutuluka mosayenera

Amayi ambiri amene alemberedwa kalata yoti akajambulitse chiberekero chifukwa chotaya magazi mosadziwika bwino amaipinda kalatayo, n'kuiika m'kabuku ka kuchipatala, kenaka n'kumadikira kuti magaziwo ayambe aleka, poganiza kuti n'kusowa ulemu kukaonekera kwa achipatala ali m'masiku otere. Maganizo amenewa ndi amene amachedwetsa thandizo, chifukwa kwa mayi amene vuto lake ndi magazi osalekawo, tsiku louma limene akulidikira likhoza kusafika mwezi wathunthu. Sikani imatheka ngakhale magazi akutuluka, ndipo amene amagwira ntchitoyi amakumana ndi zimenezi tsiku ndi tsiku. Nthawi zina adokotala amasankha dala kuti mujambulidwe masiku ochepa msambo utangotha, pamene khungu la mkati mwa chiberekero limakhala lopyapyala ndipo kachotupa kakang'ono kamaoneka msanga, koma chimenecho achinene ndi iwo. Ngati sananene, pitani pa tsiku limene mwapatsidwa.

Msambo wa masiku onse umabwera pakatha masiku 24 mpaka 38 kuchokera pamene wapitawo unayambira, ndipo sudutsa masiku 8. Magazi obwera pakati pa misambo iwiri, obwera mukatha kukhala malo amodzi ndi abambo, ochuluka mpaka kumasintha padi kapena nyanda pafupipafupi ngakhale pakati pa usiku, ndiponso amene amatuluka ndi zibuluma zikuluzikulu, onsewa ndi ofunika kufufuzidwa. Kwa mayi amene analeka kusamba ndipo patha chaka chathunthu, ngakhale kadontho kamodzi pa kabudula wamkati n'kokwanira kupita nako kuchipatala, ndipo asanyengedwe ndi mawu oti msambo wabwerera.

Pali nthawi imene tsiku la sikani siliyenera kudikiridwa n'komwe. Ngati padi ikunyowa yonse ola lililonse kwa maola awiri otsatizana, ngati mukuchita chizungulire mukaimirira, mtima ukuthamanga, kapena mwakomoka, pitani kuchipatala nthawi yomweyo, kaya ndi usiku. Chimodzimodzinso ngati msambo unadumpha, kenaka kwabwera magazi ndi ululu waukulu mbali imodzi ya chinena, chifukwa imeneyo ikhoza kukhala mimba yomera kunja kwa chiberekero, imene ikaphulika magazi amatayikira m'mimba osaoneka kunja. Kuno ku Mzuzu, mayi wa ku Chibavi, ku Zolozolo kapena ku Mchengautuwa ali pafupi ndi zipatala za Mapale ndi St John's komanso chipatala chachikulu cha Mzuzu ku Luwinga, ndipo ndalama ya galimoto ya usiku umodzi siingafanane ndi zimene zingachitike akagonera kunyumba.

Makina a sikani amagwiritsa ntchito mafunde a phokoso limene khutu la munthu silimva. Mafundewo amalowa m'thupi, amagunda ziwalo n'kubwerera, ndipo makinawo amawasandutsa chithunzi. Mulibe cheza chonga cha ekisire, n'chifukwa chake amayi oyembekezera amajambulidwa ndi makina omwewa popanda vuto. Pojambula chiberekero pali njira ziwiri, ya pamimba ndi yodzera kunjira ya abambo, ndipo kukonzekera kwake n'kosemphana: yoyambayo imafuna chikhodzodzo chodzaza, yachiwiriyo chopanda mkodzo. Choncho musachoke m'chipinda cha adokotala musanafunse kuti akulemberani iti. Kawirikawiri amayamba ndi ya pamimba, ndipo akaona kuti chithunzi sichikumveka amakutumizani kokataya madzi kuti apitirize ndi inayo.

Nkhani ya madzi ndi imene imabweza anthu ambiri pakhomo la chipinda chojambulira. Chiberekero chimakhala kuseri kwa chikhodzodzo, chozunguliridwa ndi matumbo, ndipo mpweya wa m'matumbo umatchinga mafunde aja. Chikhodzodzo chikadzaza chimakankhira matumbo m'mwamba n'kukhala ngati zenera loonera chiberekero ndi timatumba ta mazira. Muyeso wake ndi pafupifupi lita imodzi ya madzi, kutanthauza mabotolo awiri a theka la lita, ndipo muwamalize kutatsala ola limodzi kuti mulowe, osakodzanso mpaka mutajambulidwa. Madzi amene mwagugudiza muli pakhomo sathandiza, chifukwa amakhala akadali m'mimba, sanafike kuchikhodzodzo. Tiyi, khofi ndi zakumwa za gasi zisiyeni m'mawa umenewo, ngakhale kuti m'miyezi ya June ndi July kuno ku Mzuzu madzi ozizira samwedwa mosangalala. Mukhoza kuwafunditsa pang'ono n'kuwathira m'fulasiki.

Vuto ndi lakuti chipatala chachikulu cha Mzuzu chimalandira odwala otumizidwa kuchokera m'maboma onse a Chigawo cha Kumpoto, kuyambira ku Chitipa ndi Karonga mpaka ku Mzimba ndi Nkhata Bay, kotero simungadziwiretu kuti dzina lanu liitanidwa nthawi yanji. Amene wamwera madzi onse kunyumba, n'kukwera kabaza mumsewu wa zigwembe, n'kukakhalanso pabenchi maola awiri, sapirira, amakakodza, ndipo zonse zimayambiranso poyamba. Ine ndimalangiza kuti madziwo munyamule, mufike m'mawa, mupereke kalata yanu, mufunse kuti patsogolo panu pali anthu angati, kenaka muyambe kumwa. Mkodzo ukakupanani kwambiri nthawi isanakwane, uzani namwino. Angathe kukulowetsani msanga, kapena kukuuzani kuti mukataye pang'ono chabe. Amene ali ndi matenda a mtima kapena a impso, amene anauzidwa kuti azichepetsa madzi, afunse kaye muyeso wawo.

Sikani yodzera kunjira ya abambo ndi imene amayi ambiri amachita nayo mantha ndi manyazi, komatu pa nkhani ya magazi ndi imene imaonetsa bwino, chifukwa kachipangizo kake kamafika pafupi ndi chiberekero. Kachipangizoko n'kowonda, amakaveka mpira watsopano wonga kondomu, amakapaka mafuta oterera, ndipo kamalowa pang'ono chabe. Mumamva kukankha, koma sikayenera kupweteka kwambiri, ndipo mukamva ululu nenani kuti aime. Muli ndi ufulu wofotokozeredwa zimene achite asanayambe, wopempha kuti m'chipindamo mukhale namwino wamkazi, ngakhalenso wokana njira imeneyi. Mtsikana amene sanakhalepo malo amodzi ndi mwamuna anene zimenezi poyambirira, ndipo adzamujambula pamimba pokha. Ntchito yonse kawirikawiri imatenga mphindi 15 mpaka 30.

Valani bulauzi ndi siketi kapena chitenje m'malo mwa diresi, kuti pamimba paoneke popanda kuvula zonse. Tengani mapadi okwanira, kabudula wamkati wina, chitenje chapadera choyala pabedi, ndi kansalu kopukutira mafuta ozizira amene amapaka pamimba. Sambani monga mwa masiku onse, osatsuka mkati kapena kuikamo mankhwala alionse. Sikani ya chiberekero yokha siifuna kusala kudya, ndipo mayi amene wataya kale magazi ambiri akapita ndi njala akhoza kugwa pamzere, makamaka ngati ali ndi matenda a shuga. Kusala kumafunika pokhapokha ngati alemba kuti aonenso ndulu ndi chiwindi, ndipo zikatero amakuuziranitu. Mankhwala anu a BP, a shuga ndi ma ARV imwani pa nthawi yake.

Chimene chimaiwalika kwambiri ndi mbiri ya magaziwo, chonsecho chithunzi chimodzimodzi chimatanthauza zinthu zosiyana kwa amayi awiri. Khungu la mkati mwa chiberekero likakhala lokhuthala kwa mayi amene watsala pang'ono kusamba, palibe chodabwitsa, koma kwa amene analeka kusamba zaka zapitazo, likapitirira mamilimita 4 ndipo akuona magazi, adokotala amafuna kutapako kanyama kuti kakapimidwe. N'chifukwa chake yankho loti "ndi kale ndithu" silithandiza. Lembani papepala tsiku limene msambo womaliza wabwinobwino unayamba, tsiku limene magazi achilendowa anayamba, mapadi amene mumasintha patsiku, ndiponso ngati pali ululu, fungo kapena kutentha thupi. Nenani njira yolera imene mukugwiritsa ntchito ndi nthawi imene munayamba, pakuti jakisoni wa Depo ndi timachubu ta pamkono monga Jadelle ndi Implanon zimasokoneza msambo kwa amayi ambiri, makamaka m'miyezi yoyamba, ndipo lupu ikhoza kuchulukitsa magazi. Nenaninso ngati munapita padera posachedwa, ngati munachitidwapo opaleshoni, komanso ngati mukumwa asipirini, amene amachititsa kuti magazi achedwe kuundana. Za mankhwala a zitsamba musabise. Wofunsayo sakufuna kukuimbani mlandu, akufuna kudziwa chimene chalowa m'thupi. Akapempha mkodzo kuti ayeze mimba musakhumudwe ngakhale mutakhala otsimikiza kuti mulibe, chifukwa kwa mayi aliyense wa msinkhu wobereka kufufuza kumayambira pamenepo.

Sikani imaona bwino zotupa za m'minofu ya chiberekero, zimene zimapezeka kwambiri mwa amayi akuda ndipo pafupifupi zonse si khansa. Imaonanso zotupa za madzi pa timatumba ta mazira, zotsalira pambuyo popita padera, ndi pamene lupu yakhala. Koma khansa ya khomo la chiberekero ikamayamba kumene siioneka pa sikani, ndipo Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene nthendayi imapha amayi ambiri padziko lonse. Choncho pepala lolembedwa kuti chiberekero chili bwino silikumasulani ku kuyezetsa khomo la chiberekero, kumene namwino amaona ndi maso atapakapo viniga. Amayi amene anakulira kapena amachapa ndi kusamba m'mbali mwa nyanja, monga ku Nkhata Bay, Chintheche ndi Karonga, atchule zimenezi, chifukwa likodzo limatha kugwiranso khomo la chiberekero n'kumatulutsa magazi, ndipo nalonso limadziwika poona ndi maso, osati pa makina.

Wojambula sayenera kukakamizidwa kuti anene matenda pomwepo, ndipo akakhala chete n'kumayang'anitsitsa pa kompyuta amakhala akuyeza kukula kwa ziwalo. Akamaliza amalemba zimene waona, ndipo pepalalo mubwerere nalo kwa adokotala amene anakutumizani, tsiku lomwelo ngati n'kotheka, chifukwa ndi iwo amene amaphatikiza chithunzi, mbiri yanu ndi zotsatira za magazi kuti asankhe mankhwala. Pemphani kuti akuyezeninso kuchuluka kwa magazi. Kwa mayi wosayembekezera, nambala yochepera 12 imasonyeza kuti magazi achepa. Mukapatsidwa mapiritsi owonjezera magazi musawasiye poona chimbudzi chakuda, chifukwa ndi mmene amachitira, ndipo musawamwere tiyi, amene amalepheretsa thupi kuyamwa ayironi. Amene mwachokera kutali, monga ku Rumphi kapena ku Mzimba, onetsetsani kuti zotsatira zalembedwa kapena zamatidwa m'kabuku kanu musanakwere minibasi, ndipo funsani tsiku lobweranso komanso ngati thandizo lotsatira mukalandirire kuchipatala cha kwanu kapena kuno ku Mzuzu.